Nyumba yakale m'tauni ya Mzuzu: ndiigumule kapena ndiisandutse shopu?

Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzuloli. Muli nyumba yoti n'kusunga?

Zoona, Mzuzu si Blantyre kapena Zomba. Tauniyi inayambira pa esiteti ya mitengo ya tung (ya mbewu zofinyamo mafuta) yomwe bungwe la boma la Britain linatsegula cha m'ma 1947, ndipo inakhala mzinda mu 1985. Koma n'chifukwa chake nyumba zoyambirira n'zowerengeka. Mukadutsa ku Old Town n'kuona kanyumba kotsika ka njerwa zootcha, ka khonde lalitali ndi chumuni chotulukira utsi pa denga, dziwani kuti zoterozo zatsala zochepa. Chumunicho si chokongoletsa ayi. Amene anagonapo ku Mzuzu mwezi wa Juni akudziwa ntchito yake.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Pali lamulo la Monuments and Relics Act la mu 1990. Limapatsa nduna mphamvu yolengeza kudzera mu Gazette, chikalata chofalitsira zidziwitso za boma, kuti nyumba kapena malo ena ndi otetezedwa chifukwa cha mbiri yake. Zikatero, simungagumule, kusintha maonekedwe kapena kuwononga popanda chilolezo cholembedwa. Amene amayendetsa zimenezi ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments.

Yanga sinalengezedwe. Ndiye ndichite zomwe ndikufuna?

Ayi, musathamange. Lamulo lina, la Physical Planning Act la mu 2016, limakhudza nyumba ina iliyonse m'tauni, yakale kapena yatsopano. Kuwonjezera chipinda, kukweza nsanjika, ngakhale kusandutsa nyumba yogonamo kukhala lesitilanti kapena ofesi, zonsezi zimafuna kuti mupereke pulani ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ivomerezedwe kaye. Ambiri amapunthwa apa: amaganiza kuti poti sanakhudze khoma ndiye palibe chofunsa. Kusintha ntchito ya nyumba pakokha kumafuna chilolezo.

Ikalengezedwa, boma silindilanda?

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, ndi chotetezedwa, koma chidakali m'manja mwa mpingo wa CCAP ndipo anthu amapempheramo Lamulungu lililonse. Chimene mumataya ndi ufulu woisintha mmene mwafunira.

Nanga ndalama zituluka pati? Plaza ya nsanjika zitatu siposa kanyumba kakale?

Pa lendi, nthawi zambiri imaposa, tisanamizane. Koma werengerani bwino. Plaza imafuna ngongole ya kubanki, simenti, zitsulo ndi miyezi yambiri malo ali mbuu popanda wolipira lendi. Nyumba yakale makoma ilinawo kale. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. M'zaka zathu zino mwakhala muli malo odyera, ogulitsira zaluso komanso laibulale ya Society of Malawi. Kuno kumpoto, Stone House ku Livingstonia, komwe ankakhala Dr Robert Laws, inasanduka malo osungira zakale ndi ogona alendo. Alendo opita ku Nyika, Nkhata Bay ndi Karonga amadutsa mu Mzuzu, ndipo munthu wotere amakonda kumwa khofi wa Mzuzu pa khonde la nyumba yoti ili ndi nkhani yake. Komanso ngati poloti ndi yaikulu, funsani wojambula mapulani ngati n'kotheka kumanga chatsopano kumbuyo, yakaleyo n'kutsala kumaso.

Ndikaganiza zokonza, ndiyambire pati?

Pa denga. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo chimene chimapha nyumba yakale ndi madzi. Kwerani m'siling'i ndi tochi, mubaye matabwa ndi sikuludiraiva: ikalowa ngati mu mbatata yophika, chiswe kapena chinyezi zadya kale. Onani ngalande zozungulira nyumba. Mawaya a magetsi akale achotsedwe onse.

Chenjerani ndi mmisiri wofulumira kupaka simenti yolimba pa khoma lomwe linamangidwa ndi dothi kapena laimu. Simentiyo imatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka pulasitala akuoneka bwinobwino kunja. Ngati denga ndi la asibesitosi, musalole anyamata alidule kapena kuliswa ndi hamala, fumbi lake limawononga mapapo. Ndipo musanachotse chitseko ngakhale chimodzi, jambulani zithunzi za mbali zonse pa foni, muzipite nazo limodzi ndi pulani ku khonsolo.