“Eya” wa wodwala si umboni woti wamva

Pa mayankho onse amene odwala amatipatsa ife anamwino, limene ndimalikayikira kwambiri ndi “eya”. Wamufotokozera munthu kamwedwe ka mankhwala, tsiku lodzabweranso ndi zakudya zoti apewe, ndiye ukafunsa kuti “mwamva?”, iye agwedeza mutu, atenga buku lake la kuchipatala nkumapita. Kawirikawiri eya ameneyo ndi ulemu chabe. Ambirife tinaleredwa kuti munthu wovala yunifolomu sumufunsa kawiri. Komanso pabenchi pamakhala pali mzere wautali, ndipo palibe amene amafuna kuoneka wochedwetsa anzake kapena mbuli. Namwino wodziwa ntchito sakhutira ndi eya. Amafufuza chimene chalowadi m’khutu la wodwalayo, chifukwa ndi chimene akachite akafika kunyumba.

Kuno ku Harare nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Pitani m’mawa ku chipatala cha Parirenyatwa, kapena cha Sally Mugabe komwe ambiri amangoti kuGomo, kapenanso ku kiliniki ya khonsolo ku Mbare kapena ku Mabvuku, mumvetsere zilankhulo za pabenchi. Chishona ndiye chochuluka, koma mumva Chindebele, Chindau, Chichewa, Chiyao, Chisena ngakhalenso Chiswahili cha anzathu ochokera ku Congo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndi chinenero chamanja zili m’gulu limenelo. Ndime 6 ya malamulowo imati maofesi a boma aziganizira chilankhulo chimene munthu akufuna. Komabe namwino amaphunzira ntchito yake m’Chingerezi, amalemba mafayilo m’Chingerezi, ndipo m’wodi amalankhula Chishona. Wosamva bwino zilankhulo ziwirizi amatsala m’malere.

Wina anena kuti Achewa a kuno onse amamva Chishona. Zidzukulu zimamvadi, ena mpaka Chichewa chinawathawa. Koma agogo amene anabwera kudzagwira ntchito m’mafamu, m’migodi ndi kunjanji nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, Chishona chawo ndi chogulira tomato pamsika, osati chofotokozera mmene chifuwa chikumangira usiku. Ndiponso munthu akadwala kwambiri, akachita sitiroko, kapena nzeru zikayamba kuzilala ndi ukalamba, nthawi zambiri chilankhulo chimene anaphunzira ali wamkulu chimayamba kumuvuta, nkutsala cha kuubwana. Namwino wosadziwa zimenezi amalemba kuti wodwala akubwebweta, pamene munthuyo akupempha madzi akumwa m’chilankhulo cha amayi ake.

Palinso kubisa. Anthu athu akhala akutchedwa mayina achipongwe kwa zaka zambiri, “mabhurandaya”, “mabwidi”, ndipo ena anakhala nthawi yaitali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira konkuno. Munthu wotere sangayambe yekha kunena kuti sakumva Chishona chozama. Nchifukwa chake funso loti “kunyumba mumalankhula chilankhulo chanji?” liyenera kuchokera kwa namwino, ndipo lifunsidwe mwachizolowezi ngati mmene timafunsira zaka za munthu, osati mokhala ngati tikufufuza ziphaso. Kufanana kwa Chishona ndi Chichewa nakonso ndi msampha, chifukwa mbali zonse ziwiri zimaganiza kuti zamvana. Namwino akafunsa za “moyo” m’Chishona amatanthauza mtima, pamene agogo athu akumva kuti akufunsidwa ngati ali bwino, nkuyankha kuti “moyo ulipo”, koma mtimawo ukugunda mosalongosoka.

Kulankhula bwino ndi wodwala kumayambira pa zinthu zooneka zazing’ono. Namwino anene dzina lake ndi ntchito yake, apereke moni, ndipo munthu wamkulu amutchule kuti “bambo”, “mayi” kapena “agogo”, pogwiritsa ntchito “inu”. Zoti “wa shuga uja wa pabedi 7” zimamveka kwa wodwala ngakhale zikunenedwa pakhomo la wodi. Ngati pali mpando, akhale pansi kuti maso alingane, chifukwa munthu wogona pabedi akamalankhulidwa ndi woimirira amangomva ngati akuweruzidwa. Kenako funso loyamba likhale lotseguka: “Chakubweretsani nchiyani lero?” Akatero akhale chete. Apa ndi pamene ambirife timalephera. Timadula munthu pakamwa asanamalize chiganizo chachiwiri, nkuyamba kumuwombera mafunso a eya kapena ayi. Chodandaula chenicheni kawirikawiri sichibwera poyamba. Munthu amayamba ndi mutu kapena msana, kuyesa madzi, ndipo akaona kuti akumvetseredwa ndi pamene amati, “komanso ndikamataya madzi mukumaoneka magazi.”

Mawu ozungulira amenewa namwino ayenera kuwadziwa ndi kuwalemekeza. Mayi wachikulire sanganene mwatchutchutchu za kumalo obisika pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake, makamaka ngati katani ndi yosatseka ndipo odwala a mabedi oyandikana atchera khutu. Anena kuti “kumunsiku sikuli bwino”. Woyeza akangolemba kuti m’mimba mukupweteka, mwayi wogwira khansa ya khomo la chiberekero isanafalikire watayika. Chofunika ndi kutseka katani, kutsitsa mawu, kupempha chilolezo chofunsa zamanyazi, ndipo ngati nkotheka kuitana namwino wamkazi. Kenako nkufunsa momveka, chifukwa ulemu usasanduke kusamvana: kodi mukutuluka magazi, kwa nthawi yaitali bwanji, pali fungo?

Ululu nawo anthu amaufotokoza mosiyana. Timaphunzitsidwa kufunsa kuti ululu uli pati pakati pa 0 ndi 10, koma bambo amene anakulira mumgodi, amene amakhulupirira kuti mwamuna salira, adzati 3 thukuta lili kamukamu. Maso a namwino aziona nkhope, kapumidwe, ndi dzanja limene lagwira pachifuwa. Matenda a mtima mwa okalamba, amayi ndi odwala shuga nthawi zina sabwera ndi ululu woopsa. Munthu amangodandaula chilungulira, kufooka kapena befu. Womvetsera mwachidwi amafunsa kuti chilunguliracho chimayamba akadya kapena akamayenda chokwera, ndipo yankho la funso limeneli lingasinthe zonse.

Tibwerere kwa eya uja. Njira yothana naye ndi yosavuta: m’malo mofunsa kuti “mwamva?”, namwino apemphe wodwala kuti abwereze m’mawu akeake, kapena achite pamaso pake. Koma kapemphedwe kake nkofunika. Ukati “tabwerezani zimene ndanena”, munthu amamva ngati wabwerera ku sukulu. Ine ndimati, “Ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino. Mukafika kunyumba ana akakufunsani, mukawauza kuti chiyani?” Mwakutero woyesedwa ndine, osati iwo.

Taganizirani za madzi a mchere ndi shuga a munthu wotsegula m’mimba. Kuno takhala tikuphunzitsa kuti m’botolo la mamililita 750, ngati lija la chakumwa cha Mazoe, muthire madzi aukhondo, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Wina wochokera ku Malawi anazolowera paketi ya Thanzi imene amasungunula mu lita imodzi. Mayi wotopa, amene sanagone usiku wonse ndi mwana, akhoza kusinthanitsa miyezo ya mchere ndi shuga, ndipo mchere wochuluka chotero ungaphe khanda. Mzinda uno unaona kolera wa 2008 ndi 2009 amene anapha anthu oposa 4,000 m’dziko muno, ndipo anabweranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018, choncho si nkhani yongopeka. Kumupatsa mayiyo supuni ndi botolo kuti asonyeze kumatenga mphindi imodzi. Chimodzimodzi “katatu pa tsiku”: ena amamwa m’mawa, masana ndi madzulo motsatira nsima, ena amene amadya kamodzi amamwa onse atatu pamodzi. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6 ngakhale chifuwa chitasiya pakatha milungu ingapo, ndipo amene sanamve chifukwa chake amasiyira panjira, matendawo nkubwerera ali osamva mankhwala.

Nanga chilankhulo chikavuta ndithu, amasulire ndani? Zimene zimachitika kawirikawiri nzakuti timakoka aliyense amene ali pafupi, makamaka mdzukulu amene waperekeza agogo. Pa zinthu wamba, monga kolandirira mankhwala, palibe vuto. Koma mwana wa zaka 12 asamasulire za HIV, za kupita padera kapena za khansa ya agogo ake. Mwanayo amasenza katundu woposa msinkhu wake, agogowo amabisa zamanyazi, ndipo womasulira wachibale aliyense amasefa: zowawa amazifewetsa, zimene akuona kuti nzochititsa manyazi banja amazisiya. Mwamuna womasulira mkazi wake nayenso ndimamuchenjerera, makamaka mayiyo akakhala ndi mabala osadziwika bwino chiyambi chake. Ndi bwino kufunafuna wogwira ntchito mnzathu wodziwa chilankhulocho, amene lamulo losunga chinsinsi limamumanga. M’zipatala za kuno ana a Achewa alimo ambiri, ena ndi anamwino amene sanaululepo kuntchito kuti amachilankhula. Pogwiritsa ntchito womasulira, namwino ayang’ane wodwala, alankhule ziganizo zazifupi, ndipo kubwereza kuja kuchitikebe.

Kwa munthu wosamva, kukuwa sikuthandiza. Muyang’ane kumaso pamalo owala, vula masiki ngati nkotheka kuti aone milomo, lemba kapena jambula, ndipo pa nkhani zikuluzikulu monga kusayinira opareshoni pafunike wodziwa chinenero chamanja.

Pa zikhulupiriro ndi pamene ndimaona kuti lilime la namwino limachiza kapena kuthamangitsa. Funso loti “simunamwe zitsamba, eti?” limadziyankha lokha, aliyense adzati ayi. Koma ukati “ambiri asanabwere kuno amayesako mankhwala achikuda kapena madzi opempherera, inu mwayesako ati?”, chilungamo chimatuluka. Ndipo timafunikadi kudziwa, chifukwa zitsamba zina zofulumizitsa kubereka zingang’ambe chiberekero, zina zimalimbana ndi mapilitsi m’chiwindi ndi mu impso. Msilamu wodwala shuga amene akufuna kusala m’mwezi wa Ramadan asauzidwe mwachidule kuti “osasala”, chifukwa akasala mobisa akumwabe mapilitsi kapena kubaya insulin monga kale, shuga adzatsika mpaka kukomoka. Ndi bwino kukambirana asanayambe, adokotala asinthe nthawi ndi mlingo wa mankhwala, ndi kumukumbutsa kuti chipembedzo chake chimalola wodwala kusasala. Wa Mboni za Yehova wokana kuikidwa magazi ayenera kufunsidwa payekha, msanga, pasanafike pangozi. Mayi wa mpingo wachipositoli wobwera ndi mwana mozemba watenga kale chiopsezo chachikulu kunyumba kwake, chifukwa mipingo ina yotere imaletsa zachipatala. Chikuku cha 2022 chinapha ana mazanamazana m’dziko muno, ambiri osabayidwa katemera. Mayi ameneyo akalandiridwa ndi chitonzo cha gamenti yake yoyera, sadzabweranso, ndipo akauza anzake.

Anzanga ena akawerenga izi adzati nthawi ili kuti? Sindikuwatsutsa. Anamwino ambiri anapita ku Britain ndi kumayiko ena, ndipo mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Zimbabwe pa mndandanda wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Otsalawo amatopa, ndipo munthu wotopa amafupika mtima. Komabe zambiri mwa zimene ndanenazi sizidya nthawi. Zimene zimadya nthawi ndi wodwala wobwerera sabata yamawa atakomoka chifukwa sanamve kamwedwe. Mzinda uno womwe unasonyeza dziko lonse kuti kumvetsera ndi mankhwala: Friendship Bench imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006 inaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu ovutika ndi maganizo, kufungisisa monga amanenera kuno, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu amapezadi bwino.

Inu odwala ndi operekeza muli ndi mbali yanu. Nenani pachiyambi pomwe chilankhulo chimene mumamva bwino, mosachita manyazi. Bwerani ndi mabotolo ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ogula pamsika ndi achikuda. Musasayine pepala la opareshoni musanauzidwe chimene akachite, kuopsa kwake, ndi chimene chingachitike mukakana. Ndime 76 ya malamulo aakulu imati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi m’chipatala chilichonse, ndipo siinena za mtundu kapena kumene makolo anu anachokera. Ngati namwino waiwala kukupemphani kuti mubwereze, yambani nokha: “Asisitala, ndinene mmene ndamvera, mundikonze pamene ndalakwitsa.” Musanachoke muzidziwa dzina la matenda anu, ntchito ya mankhwala aliwonse ndi nthawi yomwera, zizindikiro zoti mubwerere msanga osadikira tsiku, ndipo mupemphe kuti tsiku lobweranso alilembe m’buku mwanu ndi manambala akuluakulu.