Mabuku amene anagawanitsa mpingo wa ku Carthage

M'chaka cha 303, Diocletian, mfumu ya Aroma, analamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndipo mabuku opatulika a Akhristu aperekedwe ku boma kuti akawotchedwe. Kumpoto kwa Africa, kumene lero kuli Tunisia ndi Algeria, atsogoleri ena a mpingo anakanitsitsa mpaka kuphedwa. Ena anapereka mabukuwo. Mensurius, bishopu wa ku Carthage, mzinda waukulu wa kumeneko, anati iye anabisa Malemba enieni n'kusiyira asilikali mabuku a anthu ampatuko. Anzake a ku Numidia, dera limene lero lili kum'mawa kwa Algeria, sanaone nzeru pamenepo, anangoona mantha.

Mazunzo atatha, anthu amene anaika maliro a abale awo anayamba kupemphera m'nyumba imodzi ndi anthu amene anagonja. Mkwiyo unaphulika Mensurius atamwalira, pamene dikoni wake Caecilian anadzozedwa kukhala bishopu cha m'ma 311, mabishopu a ku Numidia asanafike n'komwe. Caecilian anali ndi adani kale. Otsutsana naye ankasimba kuti Akhristu a ku Abitinae ali m'ndende mu 304, iye anaika anthu a zikwapu pakhomo kuti achibale asalowetse chakudya. Panalinso mayi wina wachuma, Lucilla, amene Caecilian anam'dzudzula chifukwa chopsompsona fupa la munthu wofera chikhulupiriro asanalandire mgonero. Mayiyo sanaiwale.

Mabishopu pafupifupi 70, motsogozedwa ndi Secundus wa ku Tigisis, anati kudzozako kunali kopanda pake chifukwa mmodzi mwa odzozawo, Felix wa ku Aptunga, akuti anapereka mabuku. Anaika bishopu wawo, Majorinus, ndipo iye atamwalira analowa Donatus, amene gulu lonselo linadzatchedwa ndi dzina lake. Funso lawo linali lolemera: kodi manja amene anapereka Malemba kumoto angabatize munthu, ubatizowo n'kukhala weniweni? Iwo anati ayi, ndipo aliyense wochokera mbali inayo ankam'batizanso.

Chondiwawa n'chakuti oyamba kukadandaula kwa mfumu Constantine anali a gulu la Donatus omwewo. Mlandu unawagwera ku Rome mu 313, ku Arles mu 314, ndiponso pamaso pa mfumuyo mu 316. Matchalitchi awo analandidwa, magazi anakhetsedwa, koma pofika 321 Constantine anatopa nazo n'kuwaleka. Mu 347 nthumwi za boma, Paul ndi Macarius, zitabwera ndi mphatso komanso asilikali, Donatus anafunsa kuti mfumu ili ndi gawo lanji m'zampingo. Anathamangitsidwa m'dziko ndipo anafera kunja komweko.

Gululo silinathe. M'midzi yambiri ya ku Numidia ndilo linali mpingo wa anthu ambiri, ndipo m'matauni munkapezeka mabishopu awiri, aliyense ndi tchalitchi chake. Augustine, amene anadzakhala bishopu wa ku Hippo, analemba kuti panali nthawi imene ophika buledi a mbali ya Donatus m'tauniyo analetsedwa kuphikira Akatolika, ndiye kuti a mbali ya Caecilian. Nawonso a mbali ya Donatus anali ndi zawo zonyansa: magulu a amuna a zibonga ankayendayenda m'midzi n'kumamenya ansembe a mbali inayo.

Pa nkhani ya ubatizo, ine ndikuona kuti Augustine analondola. Anati wobatiza weniweni ndi Khristu, wansembe ndi wotumidwa chabe. Zikanakhala kuti ubatizo umadalira kuyera kwa wansembe, palibe akanagona tulo, popeza za mumtima mwa mnzako sungazidziwe. Anakumbutsanso fanizo la tirigu ndi namsongole zimene zimakulira limodzi mpaka tsiku lokolola. Koma munthu yemweyo, amene poyamba ankakana zokakamiza anthu, anasintha maganizo. Anatenga mawu a pa Luka 14:23, onena za kuumiriza anthu kuti alowe kuphwando, n'kuwagwiritsa ntchito povomereza zilango za boma. Apa sindingamuikire kumbuyo. Zidzukulu za anthu ozunzidwa ndi boma la Aroma zinayamba kuzunzidwanso ndi boma lomwelo, ulendo uno m'dzina la mpingo.

Mu June 411, mabishopu oposa 500 a mbali zonse ziwiri anasonkhana ku Carthage pamaso pa Marcellinus, nduna ya mfumu imene inali Mkatolika. A mbali ya Donatus anakana kukhala pansi, ati Salimo limawaletsa kukhala pamodzi ndi oipa, choncho aliyense anaimirira, ndi woweruza yemwe. Chigamulo chinakomera Akatolika. Chaka chotsatira, lamulo linaika chindapusa malinga ndi udindo wa munthu, ansembe a Donatus anathamangitsidwa ndipo katundu wa matchalitchi awo analandidwa.

Augustine anamwalira mu 430 a Vandal, mtundu wa anthu ochokera ku Ulaya, atazinga Hippo. Patapita zaka zoposa 150, Papa Gregory anali akulembabe makalata odandaula kuti ku Numidia kuli anthu obatizanso anzawo.