Masitazi a UX kudzera mu sikolashipu ya Chevening: mafunso ndi mayankho kwa a ku Salima ndi Nkhotakota

Kodi UX n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi kujambula kapena kulemba mapulogalamu a kompyuta?

UX ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti User Experience, kutanthauza zimene munthu amakumana nazo akamagwiritsa ntchito chinthu monga foni kapena app. Kaimeni pa kabenchi ka ejenti pa Kamuzu Road ku Salima tsiku la msika. Mudzaona mayi atagwira kafoni ka mabatani, akufuna kutumizira mwana ndalama ya mayeso. Wadina nambala, menyu yatuluka, akuwerenga pang'onopang'ono, ndipo asanamalize kusankha zonse zazimiririka. Ayambirenso. Kachitatu angompatsa ejenti foniyo n'kumuuza ndi pini yomwe. Wojambula angafunse ngati menyuyo ikuoneka bwino. Wolemba mapulogalamu angafunse ngati makina akugwira ntchito, ndipo akugwiradi. Wa UX amafunsa chimene chapangitsa kuti mayiyu apereke pini yake kwa munthu wina, ndi chimene chingasinthidwe kuti mawa atumize yekha.

Ntchitoyi ili ndi miyeso yake. Uthenga umodzi wa USSD, ngati umene umatuluka mukadina *211# kapena *444#, sudutsa zilembo 182, choncho liwu lililonse liyenera kupezerapo malo. Pa sikirini ya foni yamakono, malamulo a WCAG, othandiza kuti aliyense, ngakhale olumala, athe kugwiritsa ntchito zinthu za pa intaneti, amati zilembo wamba zisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa muyeso wa 4.5 kwa 1, apo ayi munthu wa maso ofooka, kapena amene waima padzuwa la ku Senga Bay masana, saona kanthu.

Pa masitazi amaphunzitsa chiyani?

Ku UK masitazi a chaka chimodzi amakhala ndi ma credit 180. Nthawi zambiri 120 ndi a m'kalasi ndipo 60 ndi a kafukufuku wanu womaliza. M'kalasimo mumaphunzira kufunsa ndi kuonerera anthu, kupanga zoyesera, kuyesa ngati chinthu chikugwiritsika ntchito, kupangira anthu olumala, ndi masamu owerengera zotsatira.

Mayina ndi amene amasokoneza. Ku University College London (UCL), Nottingham ndi St Andrews kuli MSc ya Human-Computer Interaction. Ku York amaitcha Human-Centred Interactive Technologies. Ku Kingston ndi Loughborough dzina lake lili ndi mawu akuti User Experience. Kosi ya MSc imene ili m'dipatimenti ya kompyuta kapena ya psychology imatsamira ku kafukufuku ndi manambala, pamene ya MA ya kusukulu ya zaluso imatsamira ku kupanga zinthu ndi manja, ndipo kawirikawiri ndiyo imafuna portfolio, kutanthauza zitsanzo za ntchito zimene munapangapo. Musasankhire dzina. Tsegulani mndandanda wa maphunziro a kosiyo muwerenge limodzi ndi limodzi.

Digiri yanga si ya kompyuta. Ndingalowe?

Mungalowe. Makosi ambiri amalandira anthu a psychology, sociology, zaluso, uinjiniya ndi zaumoyo. Kunena zoona, munthu amene wakhala akuyenda m'midzi ya Khombedza kapena Mwansambo akulemba mayankho a alimi pa tabuleti amadziwa kale zimene mnzake wa kompyuta sanazionepo: batire kutha pakati pa mafunso, funso lomasuliridwa molakwika, gogo kuyankha zokondweretsa mlendo. Chimene muyenera kuonetsetsa ndi magiredi. Yunivesite iliyonse imayerekeza digiri ya ku Malawi ndi ya ku UK mwa njira yake, ndipo zambiri zili ndi tsamba la zofunika kwa ophunzira a dziko lililonse. Ngati Malawi palibe patsambapo, alembereni a ofesi yolandira ophunzira, muwatumizire transcript (chikalata cha magiredi anu), yankho lawo mulisunge.

Malamulo a Chevening ndi ati?

Chevening ndi sikolashipu ya boma la UK imene inayamba mu 1983. Imalipira fizi, ndalama yodyera mwezi ndi mwezi, tikiti ya ndege popita ndi pobwera, ndiponso viza. Zofunika zake ndi izi. Mukhale nzika ya dziko lololedwa, ndipo Malawi ali m'gulumo. Mukhale ndi digiri yoyamba yokulolezani kuchita masitazi ku UK, imene kawirikawiri imafanana ndi giredi ya 2:1 (upper second class) ya kumeneko. Mukhale mutagwirapo ntchito maola 2,800. Musankhe makosi atatu, ndipo imodzi ikhale itakulandirani popanda chotsalira pofika tsiku limene aika m'mwezi wa Julaye. Pomaliza muvomereze kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri mukamaliza.

Amene anaphunzirapo kale ku UK ndi sikolashipu ya boma la UK saloledwa. Chimodzimodzinso ogwira ntchito ku British High Commission kapena British Council ndi abale awo apafupi.

Lamulo limene limagwetsa anthu a UX makamaka ndi la kutalika kwa kosi. Iyenera kukhala ya m'kalasi, yophunzira tsiku lonse, yoyamba mu Sepitembala kapena Okutobala, ndipo isachepere miyezi 9 kapena kupitirira miyezi 12. Masukulu ena a zaluso makosi awo amatenga miyezi 15 kapena zaka ziwiri. Kosi yotere ngakhale ikhale yabwino chotani, Chevening sailipira. Yophunzira pa intaneti muli kunyumba nayonso ayi.

Maola 2,800 amawerengedwa bwanji?

Mumachulukitsa maola a pa sabata ndi masabata amene munagwira. Wa maola 40 pa sabata amakwanitsa m'masabata 70. Wa maola 20 akufunika masabata 140. Ntchito ya theka la tsiku, yongodzipereka ndi ya internship, yolipidwa kapena ayi, zonse zimawerengedwa, ndipo mutha kuphatikiza malo angapo. Atachimenti imene sukulu inakutumizani ngati gawo la digiri siwerengedwa, ndipo maola amene amawerengedwa ndi a ntchito imene munagwira mutamaliza digiri basi. Ngati munali kalaliki wa kopaletivi ya mpunga kapena mumathandiza pa chipatala chaching'ono mongodzipereka, pemphani kalata yokhala ndi masiku ndi chidindo lero, amene akukudziwani asanasamutsidwe.

Ndikalembera ku Chevening, ndiye kuti ndalembera ndi ku yunivesite komwe?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Ndi makomo awiri osiyana. Fomu ya Chevening imatsegulidwa mu Ogasiti n'kutsekedwa mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, malinga ndi chaka. Osankhidwa amaitanidwa ku intavyu cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo zotsatira zimayamba kutuluka mu Juni. Ku mayunivesite a makosi atatu aja mumalembera panokha, aliyense fomu yake, ena ndi ndalama yolembetsera. Wodikira zotsatira za intavyu kuti ayambe kulembera ku yunivesite amapeza malo atadzaza, chifukwa makosi a UX amafunidwa ndi anthu ambiri ndipo ena amatseka msanga. Tumizani mafomu a yunivesite chaka chisanathe.

Palinso kusiyana kwa makalata. Kalata yonena kuti takulandirani mukabweretsa zakutizakuti si imene Chevening akufuna. Akufuna yopanda chotsalira, ndipo chotsalira chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi mayeso a Chingerezi kapena transcript yosindikizidwa ndi sukulu.

Sindinagwirepo ntchito ku kampani ya mapulogalamu. Portfolio ndiitenga kuti?

Muipange konkuno. Oona mafomu atopa ndi zithunzi zokongola za ma app ogulitsa khofi amene palibe anawagwirapo. Chimene chimawaimitsa ndi umboni woti munaonerera munthu weniweni akuvutika, munasintha chinthu, n'kubwereranso kukayesa. Ntchito ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa bwino n'zokwanira.

Titenge chitsanzo cha banki mkhonde ya amayi ogulitsa usipa. Yambani ndi kukhala nawo pa misonkhano iwiri kapena itatu osanena kanthu. Onani amene amasunga kope, mmene amalembera masheya, pamene mkangano umabuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatero chezani ndi anthu 6 kapena 8, mmodzimmodzi, kwa mphindi 30. Musafunse kuti kodi mungakonde app. Aliyense adzati inde. Funsani kuti ulendo womaliza pamene ndalama sizinagwirizane chinachitika n'chiyani, anachita chiyani, anafunsa ndani.

Kenako lembani vuto limodzi lokha m'chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo, membala sadziwa ngongole imene yamutsalira mpaka tsiku la msonkhano. Jambulani yankho papepala, tsamba limodzi kuimira sikirini imodzi. Figma, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira masikirini, idikire kaye, pepala silidya bandulo ndipo munthu saopa kulidzudzula. Mpatseni mayi mapepalawo ndi ntchito yoti achite, monga yoti aone ngongole yake, inu muzisintha masamba akaloza ndi chala. Lembani zinthu zitatu: wamaliza kapena ayi, zamutengera nthawi yaitali bwanji, waima pati. Jakob Nielsen anaonetsa kuti anthu asanu amavumbula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, pafupifupi 85 pa 100 alionse, choncho ndi bwino kuyesa ndi asanu, kukonza, n'kuyesanso ndi asanu ena kusiyana ndi kusonkhanitsa khumi nthawi imodzi.

Zimene mudzapeze ndiye chuma cha portfolio yanu. Mwina liwu lakuti "balansi" ena amalimva ngati ndalama imene asunga, ena ngati imene akuyenera kubweza. Mwina chithunzi cha chikwama chimene munayesa kuti aliyense achimva, iwo akuona dengu. Mwina foni ndi ya bambo a kunyumba ndipo mayi safuna kuti uthenga wa ngongole ufikire pamenepo, vuto limene palibe batani lingalithetse. Ikani chithunzi cha pepala loyamba lolakwikalo pambali pa lachiwiri, mulembe chimene chinasintha ndi chifukwa chake. Musabise zimene zinakanika.

Ngati mukufuna nambala imene aphunzitsi a UX amaidziwa, pali mafunso 10 a System Usability Scale amene John Brooke anakonza mu 1986. Zotsatira zake zimachoka pa 0 kufika 100, ndipo 68 ndiye amatengedwa ngati pakatikati. Koma powamasulira m'Chichewa samalani, chifukwa theka la mafunsowo ndi okana, ndipo woyankha akasokonezeka nambala yonse imanama.

Chimalakwika n'chiyani poyesa ndi anthu a kwathu kuno?

Ulemu. Munthu wavutika mphindi zisanu, thukuta lili kamukamu, mukamufunsa akuti zili bwinobwino achimwene. Safuna kukukhumudwitsani, komanso akuganiza kuti wolephera ndi iyeyo. Muuzeni poyamba kuti tikuyesa pepalali, osati inu, ndipo khulupirirani zala zake kuposa pakamwa pake. Musamuthandize akaima. Werengani chamumtima mpaka khumi, kenako mufunse chimene akufunafuna. Musayesere pagulu pamene apongozi kapena mlembi wa gulu ali pomwepo. Ndipo mukabwera ndi galimoto ya bungwe, anthu adzayankha ngati akulembetsa thandizo.

Pemphani chilolezo musanajambule mawu kapena chithunzi, ndipo m'mudzi yambani mwaonekera kwa amfumu. Mayina, nambala za foni ndi ndalama za anthu zisaoneke mu portfolio. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo ku yunivesite nkhani ya chilolezo saiseweretsa.

Nanga mayeso a Chingerezi ndi mapepala ena?

Chevening payokha inasiya kufuna mayeso a Chingerezi, koma yunivesite itha kuwafuna. Ambiri amapempha IELTS Academic ya 6.5, osatsika 6.0 pa gawo lililonse, ena amafuna 7.0, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri. Ena amachotsa lamuloli ngati digiri yanu munaphunzira m'Chingerezi, koma mufunse ndipo akuyankheni polemba. Gawo limene limagwetsa anthu ambiri ndi lolemba, chifukwa cha nthawi: nkhani ziwiri mu ola limodzi.

Pasipoti iyambeni msanga. Pa viza ya UK, wokhala ku Malawi amayenera kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la UK, osati chilichonse. Zambiri mwa izi zimachitikira ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima pa M14, ndipo wochokera ku Dwangwa awerengere ndi malo ogona. Fomu ya pa intaneti musailembe mwachindunji. Lembani nkhani zanu pena, muzisunge, muzikopere tsiku limene magetsi ndi netiweki zili bwino, sabata yathunthu tsiku lotseka lisanafike.

Pa nkhani zinayi za pa fomu ndilembe chiyani?

Amafunsa za utsogoleri, za mmene mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, za chifukwa chosankhira makosiwo, ndi za mapulani anu mukabwerako. Pa iliyonse perekani chochitika chenicheni: vuto linali lotani, inuyo munachita chiyani, chinatuluka n'chiyani. Kunena kuti ndikufuna kutukula dziko langa kudzera mu luso lamakono sikusiyanitsa inu ndi anthu ena mazana. Kunena kuti ndikufuna mlimi wa mpunga ku Lifuwu azitha kuona yekha pa kafoni kake matumba amene wapereka ku kopaletivi, n'kutchula phunziro la pa kosiyo limene lidzakuthandizeni kutero, kumamveka. Zokopera kwa wina amazigwira ndipo fomu imatayidwa. Amafunanso makalata awiri okuchitirani umboni, choncho auzeni anthuwo miyezi isanathe, ndipo muwapatse nkhani zanu awerenge kuti zonena zawo zisasemphane ndi zanu.

Ndikalephera Chevening, pali khomo lina?

Mutha kulemberanso chaka chotsatira, palibe choletsa. Palinso Commonwealth Shared Scholarship, imene imakhala ya makosi osankhidwa chaka ndi chaka, Erasmus Mundus ya ku Ulaya imene masitazi ake ambiri ndi a zaka ziwiri m'maiko angapo, ndi Mastercard Foundation Scholars Program imene imagwira ntchito ndi mayunivesite monga Edinburgh, Cape Town ndi Carnegie Mellon University Africa ku Kigali. Iliyonse ili ndi masiku ndi malamulo ake, koma transcript, makalata a umboni ndi portfolio ija ya amayi a usipa mudzazigwiritsa ntchito konseko.