Kuthamanga sikulepheretsa mayi kubereka

M'mamawa mumsewu wa Masauko Chipembere mumapezeka amayi akuthamanga, ena amakwera phiri la Soche Loweruka. Komabe m'minibasi ndi m'masaluni mukumveka nkhani yoti mayi akamachita masewera olimbitsa thupi chiberekero chimasokonekera, mapeto ake sabereka. Limeneli ndi bodza.

Chiberekero chimagwiridwa bwino ndi minofu ya m'chiuno, sichichoka m'malo chifukwa chothamanga kapena kudumpha chingwe. Zimene zimachitikira ena, makamaka othamanga pa mipikisano amene amadzipanikiza kwambiri koma osadya mokwanira, n'zakuti amasiya kusamba kwa kanthawi. Apo thupi lasowa chakudya, ndipo akayamba kudya bwino kawirikawiri msambo umabwerera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ngakhale kwa amayi oyembekezera amene alibe vuto lina, bola ayambe afunsa kusikelo. Kuyenda ndawala kumachepetsa chiopsezo cha BP ndi shuga, tulonso timabwera bwino. Zimandiwawa kuona mayi wa ku Ndirande atasiya gulu la anzake othamanga nawo chifukwa apongozi amuopseza, chonsecho n'komwe amakapepukirako mtima akatopa ndi za pakhomo.