Mkangano wa Paget ndi Ewing: n'chifukwa chiyani khansa imasankha kopita?

M'chaka cha 1889, dokotala wa ku London dzina lake Stephen Paget anafufuza malipoti a kupimidwa kwa mitembo ya amayi 735 amene anamwalira ndi khansa ya m'mabere. Ankafuna kudziwa kuti khansayi ikachoka m'bere imakathera kuti. Anapeza kuti amayi 241 anali ndi zotupa m'chiwindi, pomwe m'kapamba (spleen) zotupa zinapezeka mwa amayi 17 okha. Komatu kapamba nayenso amalandira magazi ochuluka. Ngati maselo a khansa amangotengedwa ndi magazi n'kutsakamira paliponse, n'chifukwa chiyani ankamulambalala? M'magazini ya The Lancet, Paget anayankha kuti maselowa ali ngati mbewu: zikhoza kumwazika mbali zonse, koma zimamera pa nthaka yokhayo imene yaziyanja.

Mfundoyi sinakhalitse pamwamba. Mu 1928, James Ewing, katswiri wopima matenda ku New York, ananena kuti palibe kusankha kulikonse apa. Kwa iye, khansa imapita kumene mitsempha ya magazi yalowera, ndipo maselo ake amakodwa m'timitsempha ting'onoting'ono ta chiwalo choyamba chimene akumana nacho. Ewing sanali kulota ayi. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanafike kumtima, ndipo khansa ya m'thumbo lalikulu imafalikiradi kuchiwindi kawirikawiri. Kwa zaka pafupifupi 50, madokotala ambiri anatsatira iyeyu. Koma panali zina zimene mitsempha sinkatha kufotokoza. Melanoma ndi khansa ya maselo amene amapatsa khungu ndi maso mtundu wake; yoyambira m'diso imathamangira kuchiwindi, chonsecho palibe njira yachidule yochokera m'diso kukafika kumeneko. Minofu ya m'manja ndi m'miyendo imalandira magazi ambiri tsiku lililonse, koma khansa simerako kawirikawiri.

Mu 1980, Ian Hart ndi Isaiah Fidler anachita kafukufuku amene ine ndimamuona kuti ndi wanzeru kwambiri pa nkhani yonseyi. Anatenga tizidutswa ta mapapo, ta impso ndi ta thumba la mazira n'kutisokerera m'ntchafu za mbewa. Kenako anabaya mbewazo maselo a melanoma m'magazi. Tizidutswa tonse tinali pamalo ofanana, tikulandira magazi mofanana. Zotupa zinamera m'tizidutswa ta mapapo ndi ta thumba la mazira, koma ta impso tinangokhala bwinobwino. Paget anali atamwalira kalekale, mu 1926, osadziwa kuti zonena zake zidzatsimikizika.

Chimene chinatsala n'chakuti, kodi chiwalo chimayanja bwanji khansa? Yankho linachokera kwa anthu amene pa nthawiyo sankafufuza za khansa. Mu 1983, Rose Johnstone wa ku McGill University ku Montreal ankaphunzira magazi a nkhosa, kuona mmene maselo ofiira amakhwimira. Iye ndi Bin-Tao Pan anaona kuti selo likamakhwima limatulutsa timatumba ting'onoting'ono tonyamula mapuloteni amene silikuwafunanso. Chaka chomwecho Clifford Harding ndi Philip Stahl anaona zofanana m'magazi a makoswe ku St. Louis. Mu 1987 Johnstone anatcha timatumbati kuti ma exosome. N'tating'ono zedi, kukula kwake n'kwapakati pa ma nanometer 30 ndi 150 (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi), moti makina oonera tizilombo a m'zipatala zathu sangatione. Ambiri ankangoti ndi njira imene selo limatayira zinyalala. Maganizowa anayamba kusintha mu 1996, Graça Raposo atasonyeza kuti timatumba ta maselo ena oteteza thupi timatha kudzutsa maselo anzawo. Mu 2007 gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg linapeza kuti timanyamulanso RNA (malangizo amene selo limatsatira popanga mapuloteni), imene selo lina limatha kulandira n'kuigwiritsa ntchito.

Pa nthawi yomweyo, ku yunivesite ya Cornell ku New York, Rosandra Kaplan ndi David Lyden anali ataona chinthu chodabwitsa mu 2005. Mwa mbewa zodwala khansa, maselo ochokera m'mafuta a m'mafupa ankasonkhana m'mapapo selo la khansa ngakhale limodzi lisanafikeko. Apa m'pamene fanizo la Paget linakula: mbewu imayamba yatumiza antchito kuti akasose ndi kuunda mizere, iyo ikadali kwawo.

Ntchito yotumiza uthengayo inapezeka kuti ina imagwiridwa ndi timatumba tija. Mu 2015 Bruno Costa-Silva, wa m'gulu la Lyden lomwelo, anasonyeza mmene khansa ya pancreas (chiwalo cha m'mimba chimene chimapanga insulin) imakonzera chiwindi. Timatumba take timanyamula puloteni yotchedwa MIF ndipo timamezedwa ndi maselo a Kupffer, omwe ntchito yawo n'kusefa zoipa m'chiwindi. Maselowo amayamba kutulutsa puloteni yopereka uthenga yotchedwa TGF-beta, maselo oyandikana nawo n'kuyala puloteni ya fibronectin, ndipo pamalo pamenepo m'pamene khansa imadzagwira. Chaka chomwecho Ayuko Hoshino ndi anzake analemba m'magazini ya Nature kuti kunja kwa timatumbati kuli mapuloteni otchedwa integrin amene amasonyeza kolowera. Tokhala ndi α6β4 ndi α6β1 tinkathera m'mapapo, tokhala ndi αvβ5 tinkathera m'chiwindi. Anachitanso china choposa apa. Anabaya mbewa timatumba tochokera ku maselo okonda mapapo, kenako n'kuzibaya maselo a khansa ya m'mabere amene nthawi zonse amapita kumafupa. Maselo aja anayamba kumera m'mapapo.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti mankhwala apezeka, chifukwa anthu amene akusamalira odwala khansa amamva kale malonjezo ambiri opanda pake. Zambiri mwa zimenezi zinaoneka mwa mbewa, zimene zinkabayidwa timatumba tokonzedwa mu labotale. Ofufuza ena atabwereza kafukufuku wa mu 2012 wa Héctor Peinado wokhudza timatumba ta melanoma ndi puloteni ya MET, zotsatira zimene anasindikiza m'magazini ya eLife mu 2018 sizinali zamphamvu ngati zoyamba zija. Ndipo Ewing sanagonje kotheratu, pakuti selo silingamere kumene magazi sanalifikitse.

Chiyembekezo cha ofufuza n'chakuti tsiku lina dokotala azidzangotenga magazi a wodwala, kuona ma integrin a pa timatumba take, n'kudziwiratu chiwalo chofunika kuchiyang'anira. Vuto lake n'lakuti maselo abwinobwino nawonso amatulutsa timatumba tambirimbiri m'magazi omwewo. Kuti tipatulidwe, magazi amazunguzidwa kwa maola angapo m'makina okankha ndi mphamvu yoposa yokoka ya dziko ka 100,000, ndipo ngakhale atero, kusiyanitsa ta khansa ndi ta maselo ena kukadali kovuta.