Ikweshoni ikakana fakitoraizeshoni musathamangire kuti ilibe ansa

Pali kabodza kena kamene ana asukulu akhala akupatsirana kuyambira kalekale, akuti quadratic, ikweshoni yooneka ngati ax² + bx + c = 0, ikakana kufakitoraiza ndiye kuti ilibe ansa kapena aphunzitsi analakwitsa polemba funso. Ayi ndithu. Fakitoraizeshoni imayenda bwino manambala akakhala osavuta basi, pomwe fomula ija, x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a, siyisankha.

Taonani x² − 4x + 1 = 0, mungasake mpaka kutuluka thukuta manambala athunthu awiri oti pochulukitsa apereke 1 pophatikiza apereke −4, simuwapeza. Koma ikani a = 1, b = −4, c = 1, mkati mwa square root mutsala 16 − 4 yomwe ndi 12, ndiye x ndi pafupifupi 3.73 kapena 0.27. Ma ansa awiri, alipo bwinobwino.

Apa mpomwe ambiri amagwera pa MSCE, −4 mukamusikweya ndi 16, koma mukalemba −4² pa kakyuleta opanda mabulaketi ikupatsani −16, kenako nkumati funso ndi lolakwika. Choweruza ndi b² − 4ac yokha, ikatuluka negative ngati −3 wa x² + x + 1 = 0, pamenepo ndiye palibedi real root, kutanthauza kuti palibe nambala wamba yomwe ingakhale ansa.