Asilikali a ku Torres Strait omwe Australia imaiwala kuwatchula

Ife ophunzitsa mbiri ya nkhondo tikafunsa anthu za asilikali a Australia, yankho limakhala nkhondo ya ku Gallipoli ku Turkey ya 1915, mwina ya ku Kokoda ku New Guinea, basi. Pa 25 April chaka chilichonse, tsiku la Anzac lokumbukira asilikali a Australia ndi New Zealand, ndi maina omwewo amamveka. Koma kumpoto kwa Queensland, chigawo chimodzi cha Australia, pakati pa Australia ndi New Guinea, kuli tizilumba ta Torres Strait, ndipo anthu akuda akumeneko anadzipereka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuposa madera ambiri a dzikolo.

Gulu lawo linayamba mu 1941 ngati kampani imodzi, pofika 1943 linakula n'kukhala Torres Strait Light Infantry Battalion. Amuna oposa 800 analembetsa, ndiye muganize kuti tizilumbati anthu ake ndi ochepa, ndiye kuti pafupifupi bambo aliyense wamphamvu anavala yunifolomu, kumidzi kunatsala amayi, ana ndi agogo kumalimbana okha ndi minda ndi usodzi. Ambiri mwa amunawa kale ankadumphira pansi pa nyanja kusaka zigoba za ngale, nde miyala, mafunde ndi njira za maboti ankazidziwa kuposa msilikali aliyense wochokera ku Sydney. Ndipo nkhondo sinali patali ayi, ndege za Japan zinayamba kuponya mabomba pa Horn Island, chimodzi mwa tizilumbati, mu March 1942. Japan yemweyo amene asilikali athu a KAR (King's African Rifles) a ku Nyasaland anakakumana naye ku Burma mu 1944.

Tsono chimene chimandiwawa ine ndi malipiro. Mzungu wa udindo womwewo akalandira ndalama zitatu, wa ku chilumba ankalandira imodzi, ntchito yofanana, mabomba ofanana. Kumapeto kwa December 1943 makampani ena a gululi anachita sitalaka. Msilikali kunyanyala ntchito nkhondo ili mkati si masewera, ankadziwa kuti chilango chilipo koma anachitabe. Mu 1944 akuluakulu anakweza malipiro kufika magawo awiri mwa atatu, osati kufananiza. Zotsalazo boma linadzavomera kubweza m'zaka za m'ma 1980, ambiri atamwalira kale osaigwirako ndalamayo.

Nanga zinaiwalika bwanji? Mbiri ya nkhondo imakonda malo omwe kunafa anthu ambiri tsiku limodzi, pomwe awa ntchito yawo yambiri inali kulondera, kutsitsa katundu pa doko, kumanga, ena ochepa kukazonda adani ku Dutch New Guinea, mbali ya New Guinea yomwe inali m'manja mwa dziko la Netherlands. Komanso gululi litatha mu 1946 amunawa anabwerera kukakhala pansi pa malamulo a Queensland omwe ankalamulira ngakhale ndalama zawo, analibe mpata wolemba mabuku kapena kumveka mu nyuzipepala. Mafayilo awo alipo ku National Archives of Australia, ndipo pa Horn Island pali myuziyamu yomwe imasunga zithunzi ndi maina awo.